Nyumba ya Malamulo imayenda bwanji mkati mwake? Mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Salima

Ambiri a ife Nyumba ya Malamulo timaidziwira pa wailesi: kuwowozana, kumenya matebulo, ndi mawu a Sipikala akuyesa kuziziritsa mitima. Zokambirana za m'chipinda chachikulu chija ndi kachigawo chabe ka ntchito yonse. Zambiri zimachitikira m'makomiti ndi m'maofesi, ndipo kuyenda kapena kuima kwake kumadalira anthu olembedwa ntchito amene sitiwavotera komanso ndalama zimene Nyumbayi siisunga yokha. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka kawirikawiri pa Kamuzu Road, ku Chipoka, kwa Khombedza ndi m'misonkhano ya makomiti a chitukuko a m'madera (ADC).

Kodi Nyumba ya Malamulo ndi aphungu okha basi?

Ayi. Malinga ndi malamulo aakulu a dziko lino, Nyumbayi ndi aphungu pamodzi ndi mtsogoleri wa dziko, chifukwa bilu siikhala lamulo iye asanasainire. Aphungu adali 177 mu 1994, adafika 193 mu 1999, ndipo pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 adakwana 229 bungwe loyendetsa zisankho la MEC litadulanso malire a madera. Nthawi ya aphungu 193 ija boma la Salima lidali ndi madera asanu, chimodzimodzinso Nkhotakota.

Padayenera kukhalanso nyumba yachiwiri, ya Seneti, momwe mukadakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana. Siidakhazikitsidwe, ndipo mu 2001 aphungu adaifufutiratu m'malamulo. Ndiye amene amafunsa chifukwa chake a Kalonga, a Khombedza kapena a Maganga alibe mpando ku Lilongwe, yankho lake ndi limenelo.

Nanga amene amayendetsa Nyumbayi tsiku ndi tsiku ndani, Sipikala?

Pali atsogoleri awiri, ndipo anthu amawasokoneza. Sipikala amasankhidwa ndi aphungu anzake pa nkhumano yoyamba chisankho chikatha. Iye ndiye amapereka mwayi wolankhula, amagamula pakabuka mkangano wa ndondomeko, ndipo amatha kutulutsa phungu wosamva. Ali ndi achiwiri ake awiri. Udindowu udafikako kuno kunyanja: a Henry Chimunthu Banda, amene adali phungu wa kumpoto kwa Nkhotakota, adali Sipikala kuyambira 2009 mpaka 2014. Mayi woyamba kukhala pa mpandowu adali a Catherine Gotani Hara mu 2019. Si mpando wopumirapo ayi. Mu Juni 2005 a Rodwell Munyenyembe adakomoka ali pampando mkangano uli mkati, ndipo adakamwalirira ku South Africa patangopita masiku ochepa.

Winayo ndi Mlembi wa Nyumba ya Malamulo. Ameneyu si phungu, savota, ndipo sayenera kukhala ndi chipani. Ndiye bwana wa onse ogwira ntchito pa Nyumbayi, ndiye amalangiza Sipikala za malamulo a zokambirana, komanso ndiye amene amayankha ndalama za Nyumbayi zikasokonekera. Amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko potsatira dzina lomwe lachokera ku bungwe la Parliamentary Service Commission. Bungwe limeneli, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, wapampando wake ndi Sipikala ndipo mamembala ake ndi aphungu. Ndilo limalemba anthu ntchito, kuwakweza ndi kuwachotsa.

Ogwira ntchito amenewa amachita chiyani kwenikweni? Sitiwaona.

Mmodzi mumamuona ndithu. Nkhumano ikamayamba, kutsogolo kwa Sipikala kumakhala munthu atanyamula ndodo yonyezimira paphewa, n'kukaigoneka pa tebulo la pakati. Ameneyo ndi Sergeant-at-Arms, woyang'anira chitetezo ndi bata, ndipo ndodoyo ikapanda kukhalapo Nyumba siinakhale. Phungu akakana kutuluka atalamulidwa, amene amamuperekeza pakhomo ndi yemweyo.

Enawo ali kuseri. Pali olemba Hansard, buku losunga mawu onse olankhulidwa m'Nyumba, liwu ndi liwu. Pali alembi a makomiti amene amaitana mboni, kusonkhanitsa zikalata ndi kulemba malipoti omwe apampando amadzawerenga m'chipinda chachikulu. Pali ofufuza, oyang'anira laibulale, maloya othandiza phungu amene akufuna kubweretsa bilu yake, ndi ofesi younika bajeti. Pali owerengera ndalama, okonza makina olankhulira, madalaivala.

Kufunika kwawo kuli apa. Pa chisankho chilichonse aphungu oposa theka sabwerera, motero zaka zisanu zilizonse Nyumba imadzaza ndi alendo osadziwa ngakhale kafunsidwe ka funso kwa nduna. Amene amakumbukira zomwe komiti idalonjezedwa zaka zitatu zapitazo ndi mlembi wa komitiyo. Ndipo taganizani kusiyana kwake: nduna ikamabwera kudzayankha imakhala ndi unduna wonse kumbuyo kwake, mlembi wamkulu, akatswiri a zachuma, mainjiniya. Phungu amene akuifunsayo sapatsidwa gulu lakelake lotere. Amadalira ofufuza ochepa omwe akutumikira Nyumba yonse. Tikamadandaula kuti mafunso a aphungu athu ndi opepuka, mbali ina ya vutolo ndi imeneyi, ngakhale kuti ulesi wa ena sitingaubise.

Ndalama zoyendetsera Nyumbayi zimachokera kuti?

Ku misonkho yathu, ngati unduna wina uliwonse. Nyumbayi ili ndi gawo lake mu bajeti ya dziko, ndipo aphungu eni ake ndiwo amalivomereza. Apa munthu angaganize kuti ndiye kuti sasowa kanthu. Koma kuvomereza ndalama papepala ndi kwina, kuzilandira ndi kwina. Amene amatulutsa ndalama mwezi ndi mwezi ndi a ku Treasury ku Capital Hill, pansi pa nduna ya zachuma, ndipo amatulutsa molingana ndi zomwe zatoleredwa ndi zomwe boma laika patsogolo. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Zotsatira zake n'zakuti bungwe limene ntchito yake ndi kulondalonda boma limadikira boma lomwelo kuti lilipatse mafuta opitira kukalilonda. Komiti ikhoza kukonza zokaona ngati mankhwala akufikadi m'zipatala za kumudzi kapena ngati msewu wa M5 ukukonzedwa monga mwa mgwirizano, koma ndalama zikachedwa ulendowo umafera pomwepo, ndipo palibe amene angaloze chala kuti wauletsa dala. Olemba malamulo aakulu adaliona vutoli: pa gawo 183 adaika ndalama zoitanitsira Nyumba ndi zoyendetsera makomiti ake m'gulu la ndalama zotetezedwa, pamodzi ndi malipiro a majaji. Chikhalirecho madandaulo oti makomiti alephera kukumana chifukwa cha kusowa kwa ndalama akhala akumveka pa maboma osiyanasiyana.

Mabungwe akunja amathandizanso, makamaka pa maphunziro a aphungu ndi misonkhano ina ya makomiti. Ngakhale nyumba imene akukumaniramo lero, yomwe idatsegulidwa mu 2010, idamangidwa ndi thandizo la boma la China. Isanamangidwe, aphungu atachoka ku Zomba mu 1994 ankakumanira ku nyumba yachifumu ya ku Lilongwe, ngati alendo m'nyumba ya mtsogoleri wa dziko. Thandizo ndi labwino, koma komiti ikamakumana pokhapokha wina wakunja walipira, ndiye kuti woyambitsa nkhani yokambirana ndi wolipirayo.

Bajeti ya dziko imadutsa bwanji m'Nyumbamo?

Kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Kale chinkayamba mu Julayi. Nduna ya zachuma imawerenga ndondomeko yake miyezi yoyambirira ya chaka, kenako aphungu amabalalika m'magulu a makomiti kwa masabata angapo kukafunsa maunduna mmodzimmodzi za manambala awo. Akabwerera amakambirana, n'kuyamba kuvomereza gawo ndi gawo: la ulimi, la zaumoyo, la makhonsolo, mpaka onse atatha. Phungu sangangodzuka n'kuonjezera ndalama kapena msonkho. Zotere zimayenera kudzera kwa nduna ya zachuma. Mphamvu yake ili pa kukana ndi kuchedwetsa.

Bajeti ikachedwa, gawo 178 la malamulo aakulu limalola Nyumba kuvomereza kuti boma ligwiritse ntchito ndalama kwa miyezi yosapitirira inayi. Akuluakulu akukumbukira 2007, pamene otsutsa boma adakana kukambirana bajeti pofuna kuti Sipikala ayambe wachotsa aphungu olowa chipani china, ndipo idadutsa mu Seputembala anthu atatopa ndi kuguba.

N'chifukwa chiyani makomiti amakonda kudzachitira misonkhano kunyanja kuno?

Funso ili limafunsidwa monyinyirika, ndipo n'zomveka. Amene amakhala m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay amaziona galimoto zikuluzikulu zikutsetsereka kuchokera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 120 basi. Chifukwa chonenedwa poyera n'chakuti kunyanja kuli phee, anthu amaika mtima pa ntchito. Chifukwa chomwe aliyense amachidziwa ndi alawansi yogonera kunja kwa malo a ntchito. Si aphungu okha. Maunduna ndi mabungwe nawo khalidwe lake ndi lomweli, ndipo n'chifukwa chake boma likalengeza zochepetsa kuononga ndalama, misonkhano ya kunyanja imakhala m'gulu la zoyamba kuletsedwa, kenako n'kuyambiranso mwakachetechete.

Komabe tisataye makomiti chifukwa cha zimenezi, pakuti kumeneko n'kumene ntchito yeniyeni imagwiridwa. M'chipinda chachikulu phungu amalankhulira kamera ndi chipani chake. M'komiti amakhala anthu ochepa a zipani zosiyana pa tebulo limodzi, kutsogolo kwawo kuli mkulu wa unduna kapena bwanamkubwa wa boma, lipoti la mkulu wofufuza kayendetsedwe ka chuma cha boma lili chitsegulire. Wapampando amawerenga ndime yonena kuti mafuta a ndalama zakuti adagulidwa popanda malisiti, n'kufunsa kuti malisitiwo ali kuti. Wofunsidwayo amatembenukira kwa wowerengera ndalama wake, mapepala amasanthulidwa, ndipo nthawi zina gulu lonse limabwezedwa kuti likakonzeke bwino. Imeneyo ndi Public Accounts Committee, imene mwa mwambo wapampando wake amachokera ku mbali yotsutsa boma.

Palinso makomiti otchulidwa m'malamulo aakulu: ya bajeti, ya zamalamulo, ya chitetezo, ndi younika anthu osankhidwa pa maudindo. Yomalizayi ili ndi mano: mu Meyi 2021 idakana a Martha Chizuma kukhala mkulu wa bungwe lolimbana ndi katangale la ACB, anthu adakwiya, ndipo patangopita masiku ochepa idasintha maganizo n'kuwavomereza. Chofooka cha makomiti ambiri n'chakuti amangopereka malangizo. Samanga munthu, ndipo lipoti labwino likhoza kulandiridwa ndi m'manja kenako n'kukagona pa shelefu.

Langizo langa kwa a mabungwe ndi atolankhani a kuno: komiti ikabwera kunyanja, musamangowerenga galimoto. Funsani kuti ikukambirana chiyani ndipo lipoti lake lituluka liti.

Bilu imatenga nthawi yaitali bwanji kuti ikhale lamulo?

Mwa ndondomeko, bilu ya boma imayenera kufika m'manja mwa aphungu masiku 28 isanakambidwe. Kenako imawerengedwa koyamba, kukambidwa pa kuwerenga kwachiwiri, kuunikidwa ndime ndi ndime, n'kuvomerezedwa pa kuwerenga kwachitatu. Mtsogoleri wa dziko ali ndi masiku 21 oti asainire kapena aibweze ndi zifukwa zake.

Koma masiku 28 aja Nyumba imatha kuwachotsa ikagwirizana kutero, ndipo zimachitika kawirikawiri, makamaka pa mabilu a ngongole. Apa m'pamene anthu a kumudzi amaluzira, chifukwa masiku amenewo ndiwo mpata woti phungu awerenge ndi kudzafunsa kwawo. Ife a ku Salima tili nacho chitsanzo cha bilu yotikhudza: mu 2023 Nyumba idavomereza ngongole ya ntchito yopopa madzi kuchokera kunyanja kuno kupita ku Lilongwe. Kaya mumaikonda ntchitoyo kaya ayi, dzifunseni kuti ndi anthu angati a m'midzi momwe mapaipi akudutsa amene adamva zomwe zidali m'biluyo isanadutse.

Phungu wamba amathanso kubweretsa bilu kapena mfundo yake. Tsiku lake ndi Lachinayi.

Aphungu amadziikira okha malipiro?

Maganizo a malipiro ndi maalawansi amachokera ku Parliamentary Service Commission, momwe muli aphungu okhaokha, koma sangayambe kugwira ntchito popanda kugwirizana ndi mbali ya boma yosunga chuma. Kupatula malipiro a pamwezi pali alawansi ya nyumba, ya mafuta, ya masiku a nkhumano, mwayi woitanitsa galimoto osalipira msonkho wa pachipata, ndi ngongole zimene zakhala zikudandaulitsa anthu chifukwa boma limasenzako gawo lake. Pa nkhani yokhayi mpamene mbali ya boma ndi yotsutsa sizikangana.

Tinene chilungamo mbali inayo. Pakhomo pa phungu m'mawa pamakhala anthu: wina akufuna bokosi la maliro, wina fizi ya mwana, wina galimoto yonyamula wodwala, timu ya mpira ikufuna yunifolomu. Palibe lamulo lomwe limati imeneyi ndi ntchito yake, ndipo lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti. Koma wokana amatchedwa woumira ndipo sabwereranso. Tikamamuyeza phungu ndi mabokosi, tisadabwe akamalimbikira alawansi kuposa lipoti la komiti.

Nanga CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, ndi ndalama za Nyumba ya Malamulo?

Ayi, ndipo si za phungu. Thumbali lidayamba mu 2006 ndipo ndalama zake zimadzera ku khonsolo ya boma. M'chaka cha 2024/25 dera lililonse lidapatsidwa K200 miliyoni. Ntchito zake zimayenera kuchokera ku makomiti a chitukuko a m'midzi, ma VDC ndi ma ADC, koma kwa zaka zambiri mawu a phungu ndiwo ankalemera, mpaka mijigo ndi midadada ya sukulu n'kumatchedwa ndi dzina lake. Mu Meyi 2025 khoti lounika za malamulo aakulu, pa mlandu womwe udabwera ndi bungwe la makhonsolo la MALGA, lidagamula kuti aphungu kuyendetsa nawo thumbali ndi kuvota m'makhonsolo n'zosemphana ndi malamulo aakulu. Mfundo yake ndi yosavuta: munthu sangakhale wogwiritsa ntchito ndalama n'kukhalanso wofufuza mmene zagwirira ntchito.

Ndingadziwe bwanji zimene phungu wathu walankhula, ndi mmene wavotera?

Zolankhula n'zosavuta kupeza. Nkhumano zimaulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema, komanso pa tsamba la Facebook la Nyumbayi. Zonse zimalembedwa mu Hansard, ndipo munthu wamba amaloledwa kukakhala m'malo a alendo kumvetsera, atavala mwaulemu ndi kudutsa kwa achitetezo.

Kavotedwe ndiye nkhani ina. Mfundo zambiri zimadutsa pa voti ya pakamwa: Sipikala amafunsa ovomereza, amafunsa okana, n'kugamula mbali yomwe yamveka kwambiri. Palibe dzina limene limalembedwa. Pokhapokha aphungu akatsutsa chigamulocho n'kupempha kuti awerengedwe, kapena pa nkhani yofuna magawo awiri mwa atatu monga kusintha malamulo aakulu, m'pamene amaitanidwa mayina mmodzimmodzi. Ndiye phungu akhoza kubwera kwa Pemba n'kunena kuti iye adakana, inu n'kusowa pomugwirira. Kaundula wa amene abwera ndi amene ajomba amalembedwa, ndipo kuti nkhumano iyambe pamafunika theka la aphungu kuonjezapo mmodzi, koma mipando yopanda anthu masana imaoneka pa kanema. Kaundula ameneyu akadamasindikizidwa poyera nkhumano iliyonse ikatha, tikadapindula kuposa ndi malonjezo ambiri a pa kampeni.

Bwanji amalankhula Chingerezi chokhachokha?

Gawo 51 la malamulo aakulu limati wofuna kukhala phungu akhale nzika ya zaka zosachepera 21, wolembetsa m'kaundula wa voti, ndiponso wodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali. Zokambirana, mabilu ndi Hansard zonse zili m'Chingerezi. Ichi, kwa ine, ndiye chotchinga chachikulu kuposa mpanda wa Nyumbayo. Zitseko n'zotsegula, koma msodzi wa ku Lifuwu kapena mlimi wa mpunga wa kwa Mwanza amamva za lamulo lomukhudza kudzera mwa womasulira, ngati alipo. Mawailesi a m'madera monga Chisomo kuno ku Salima ndi wailesi ya Nkhotakota ndiwo angatseke mpatawu, atamatenga lipoti la komiti n'kulifotokoza m'Chichewa ndi m'Chiyao, phungu ali pomwepo kuyankha mafoni.

Kodi ndili ndi ufulu wopempha zikalata za Nyumbayi, kapena kudziwa chuma cha phungu?

Inde, zonse ziwiri. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga lidavomerezedwa ndi aphungu mu Disembala 2016 koma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Limakhudza mabungwe onse a boma, Nyumba ya Malamulo ndi khonsolo zomwe. Bungwe lililonse liyenera kukhala ndi ofisala wolandira mapempho otere. Lembani zomwe mukufuna mosazungulira, mwachitsanzo lipoti la komiti yakuti la mwezi wakuti, sungani kope lanu lodindidwa tsiku, ndipo akakukanizani kapena kungokhala chete mukhoza kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission, imene imayang'anira lamuloli.

Za chuma, lamulo la 2013 limakakamiza aphungu, nduna ndi akuluakulu ena kulembetsa katundu, ngongole ndi mabizinesi awo pasanathe miyezi itatu atalowa pa udindo, ndi kumabwereza chaka ndi chaka. Pali ofesi yapadera yosunga zikalatazi ndipo munthu akhoza kupempha kuziona.

Phungu akatikhumudwitsa, tingamuchotse zaka zisanu zisanathe?

Ayi. Gawo 64 la malamulo aakulu lomwe linkapereka mphamvu imeneyo lidachotsedwa mu 1995. Chatsala ndi gawo 65, loti Sipikala alengeze kuti mpando uli wopanda munthu ngati phungu wasiya chipani chimene adasankhidwira n'kulowa china cha m'Nyumbamo. Khoti lalikulu la apilo lidatsimikiza mu 2007 kuti gawoli ndi lovomerezeka, koma kuligwiritsa ntchito kwakhala kovuta chifukwa okhudzidwa amathamangira kukhoti kukatenga chiletso.

Tili ndi dandaulo la dera lathu. Lingafike bwanji m'Nyumbamo?

Yambani mwasiyanitsa. Mjigo wowonongeka, msika wauve kapena mlatho waung'ono ndi nkhani za khansala ndi khonsolo. Za ku Nyumba ya Malamulo ndi zokhudza lamulo, bajeti ya unduna, kapena bungwe la boma lomwe silikugwira ntchito yake: malamulo a usodzi, mitengo ya thonje, chipukuta misozi cha malo otengedwa ndi ntchito yaikulu.

Njira zilipo zitatu. Phungu akhoza kulemba funso kwa nduna. Limaikidwa pa ndandanda ndipo yankho limalowa mu Hansard, choncho mumakhala ndi mawu a nduna oti mudzaikumbutse. Vuto lake mafunso amachuluka ndipo lanu likhoza kudikira miyezi. Mukhozanso kulemba chikalata cha dandaulo chosainidwa ndi anthu okhudzidwa, chimene chimaperekedwa m'Nyumba kudzera mwa phungu n'kutumizidwa ku komiti yoyenera. Njira yachitatu, imene ambiri saidziwa, ndi kulembera komitiyo mwachindunji kudzera ku ofesi ya Mlembi wa Nyumba ya Malamulo, ndipo woitenga nkhaniyo safunikira kukhala phungu wa kwanu. Kalatayo ikhale yaifupi: vuto ndi lotani, lili m'mudzi uti ndi kwa mfumu yaikulu iti, lidayamba liti, mudapita kale kwa yani ndipo adakuyankhani chiyani, ndi chimene mukupempha komitiyo kuti ichite. Ikani zithunzi ndi makope a makalata akale, ndipo tumizani nthawi ya bajeti isanafike, maunduna asanayambe kuitanidwa.